Ndimulembere bwanji phungu wathu za nkhondo ya ku Congo?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kulembera phungu wa dera lathu kuti akaiyankhule mosakondera nkhondo ya kum'mawa kwa Congo. Chilandireni M23, gulu la zigawenga lomwe akuti limathandizidwa ndi Rwanda, mzinda wa Goma mu Januwale 2025, nthawi yomwe asilikali athu ena anafera komweko, anthu kuno ku Dowa akungoloza chala aliyense wochokera ku Rwanda. Mayi wa ku Dzaleka yemwe ndimamugula tomato tsopano amayankhula monong'ona, chonsecho kwawo anathawako kalekale.

Boma la Rwanda lifunsidwe ndithu za M23, koma boma la Congo nalonso liyankhe za FDLR, gulu la zigawenga lolimbana ndi boma la Rwanda lomwe lili kum'mawa kwa Congo.

Kalatayi ndikaisiye ku ofesi yawo ya kudera kapena ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe? Ndisainitse anthu ambiri kapena dzina langa lokha likwanira? Alipo anayesapo n'kuyankhidwa?