Nsima ndikudya mitanda inayi koma buluku likungovuka

Mpalasi_Bangwe:

Moni nonse. Ndili ndi zaka 31, kutalika mamita 1.78, ndipo sikelo ikunena makilogalamu 58. Chaka chatha mwezi ngati uno ndinali pa 63. Njinga ndinayamba pofuna kupulumutsa ya minibasi, kuchoka ku Bangwe kupita kuntchito ku Ginnery Corner, koma pano yandilowerera. Loweruka lililonse ndimanyamuka ku Limbe m'bandakucha, kudzera pa Njuli, Namadzi, Thondwe mpaka Zomba, kenako n'kubwerera. Amapitirira makilomita 120. Miyendo ikalola ndimakweranso phiri mpaka Ku Chawe.

Lamba ndabowolapo kale kawiri ndi msomali. Mwezi watha kumaliro kumudzi, mayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa chapansipansi ngati pali matenda amene ndikubisa. Chonsecho ndimadya, akunyumba angandichitire umboni. Njinga sindikufuna kusiya. Nditani kuti ndibwezere thupi?

NaPhiri_Zomba:

Achimwene, funso la mayi anulo musaliseke. Ndimagwira ntchito yaunamwino, ndiye ndiyambira kwathu. BMI yanu, muyeso woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, ikubwera 18.3, pansi pang'ono pa 18.5 pamene timayambira kunena kuti munthu wachepa thupi, ndipo makilogalamu 5 pachaka si ochepa kwa munthu woonda kale. Kayezetseni shuga, HIV, TB ndi chithokomiro, mumwenso mankhwala a njoka za m'mimba ngati papita nthawi. Mukutuluka thukuta usiku? Chifuwa? Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi? Ngati zonse zili bwino, ndiye tikambe za mbale.

Wina akakuuzani za timapilisi tonenepetsa ta kumsika, kanani. Tambiri ndi mankhwala otchedwa dexamethasone. Amatupitsa nkhope ndi madzi, amakweza shuga, ndipo minofu ya m'miyendo imene mwaivutikirayo imafooka.

Mdala_wa_Magiya:

Mphwanga, kayezetseni monga anenera mayiwa, koma ine ndikukayikira nsimayo. Ndapalasa zaka zoposa 20 ndipo dzenje limeneli ndinagweramo. Mtanda umaoneka waukulu koma mbali yaikulu ndi madzi. Umadzaza mimba, munthu n'kudzuka ukupuma movutikira, ukuganiza kuti wadya zokwanira. Pamene ulendo wa ku Zomba ndi kubwerera ndi maola asanu kapena kuposa, ndipo ola lililonse lopalasa mwamphamvu limatha makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 500 kapena kupitirira. Werengani nokha. Loweruka limodzi mukuwotcha chakudya cha tsiku lathunthu pamwamba pa chimene thupi limafuna kale. Ndiye pali Bangwe wa tsiku ndi tsiku uja, pobwerera ndi chitunda chokhachokha.

Funso langa ndi ili: panjira mumadya chiyani? Ndikubetcha kuti ndi madzi okha, mwina ka Fanta pa Namadzi. Ine ndinkatero, ndinkati kudya panjira ndi ulesi. Kufika kunyumba njala yathawa, pakamwa pali gwa, ndingomwa tiyi n'kugona. Ngongole ya Loweruka imeneyo siibwezeka Lamlungu. Pano ola lililonse ndimadya nthochi ziwiri kapena mbatata yowotcha, ndisanamve njala. M'thumba la kumsana mumakhala buledi wopaka chiponde, wokulunga m'pepala la shuga. Pa Thondwe Loweruka ndi tsiku la msika, simungasowe chogula.

Kunyumba musawonjezere mitanda, mimba ilibe malo. Wonjezerani mafuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, ya ufa kapena shuga 4 basi. Supuni yaikulu ya chiponde ndi pafupifupi 95, ya mafuta ophikira 120. Phala la m'mawa lithiridwe nsinjiro zambiri ndi mkaka. Masamba akhale otendera. Futali, mapeyala nyengo yake ikakwana, mtedza wokazinga m'kabati ya kuofesi, chambiko musanagone. Mukapeza makalori 300 mpaka 500 owonjezera patsiku, thupi liyamba kubwerera pang'onopang'ono, mwina kilogalamu imodzi kapena ziwiri pamwezi. Musayembekezere zoposa apo.

Za ndiwo: pa thupi lanulo mukufunika mapuloteni okwana magalamu 90 mpaka 100 patsiku kuti zobwerazo zikhale minofu, osati mimba yokha. Dzira limodzi lili ndi 6 okha, ndiye musadalire mazira awiri a m'mawa. Usipa, nyemba, soya, zonsezi zilowe, m'mawa, masana ndi madzulo. Komanso njinga siimanga mapewa. Kawiri pasabata nyamulani zolemera, ngakhale zidebe za madzi.

Kabaza_Original:

Bwana, inu mumapalasa mwakufuna kwanu, ife timapalasa ndi munthu kumbuyo ndi thumba lake la chimanga, kkkk. Pa siteji pathu palibe amene amadikira nkhomaliro. Kasitomala akatsika, thobwa. Wina akatsika, chinangwa kapena zitumbuwa. Amene amasunga ndalama osadya mpaka madzulo timamuona, miyezi itatu masaya alowa.

Mpalasi_Bangwe:

Zikomo nonse. A NaPhiri, chifuwa ndi thukuta palibe, HIV ndinayezetsa mu Januwale, koma shuga sindinayezetsepo chibadwire. Ndipita Lachiwiri. Mdala, mwandigwira. Panjira ndimatenga mabotolo awiri a madzi basi, ndipo ndikafika ndimagona mpaka 4 koloko osadya kanthu. Chiponde ndagula dzulo. Koma chambiko chimanditsegula m'mimba, nanga pamenepo?

Mdala_wa_Magiya:

Chisiyeni. Usiku muzimwa phala la soya lothira nsinjiro. Sikelo muzikwera kamodzi pasabata, m'mawa musanadye, yomweyomweyo, osati za m'misewu zosinthasintha. Ndipo Ku Chawe mupumitseko mwezi uno mpaka mufike pa makilogalamu 60.