Of Mice and Men: ali pansi penipeni pa famu ija ndani, Crooks kapena mkazi wa Curley?

Kamtedza:

Akuluakulu, ndithandizeni. Funso la chimangirizo likuti tifotokoze momwe John Steinbeck waonetsera kusiyana kwa anthu, tsankho ndi mphamvu m'buku la Of Mice and Men. Ndasanja atengambali kuchokera pamwamba: mwini famu, Curley, Slim, Carlson, George, Lennie, Candy, mkazi wa Curley, kenako Crooks. Pamwambapo sipakuvuta, vuto lili kumunsiku. Ena akuti wotsikitsitsa ndi mkazi wa Curley poti alibe ngakhale dzina, ena akuti ndi Crooks poti ndi wakuda. Nanga Slim, wantchito ngati anzake koma aliyense amamumvera, ndimuike pati? Ndikufunanso umboni weniweni wa m'bukumo, osati kungolemba kuti "kunali tsankho".

Chatsalira:

A Kamtedza, mndandanda wanuwo ukukusocheretsani chifukwa mukuyeza zinthu zitatu ndi muyezo umodzi. Pa famu ija pali mphamvu ya chuma, mphamvu ya luso ndi thupi, ndi mphamvu ya khungu. Munthu atha kukhala pamwamba pa chimodzi koma pansi pa chinzake.

Ya chuma sivuta. Mwini famu amaoneka kamodzi kokha, m'mutu 2, atavala nsapato za zidendene zazitali ndi tizitsulo tobayira kavalo, ndipo mlembi akunena poyera kuti wavala choncho pofuna kuonetsa kuti si wantchito. Curley amavalanso nsapato zomwezo. Chomwe Curley ali nacho n'chakuti sangachotsedwe ntchito, famu ndi ya bambo ake. Candy amalongosola chinyengo chake: akamenya munthu wamkulu thupi, anthu amamutama, akamenyedwa, anthu amaukira wamkuluyo kuti bwanji osapeza wa saizi yake.

Slim alibe famu, koma amayendetsa nyulu 10, 16 mpaka 20 ndi chingwe chimodzi, ntchito imene si aliyense angaithe. Mphamvu zake ziyeseni pa malo awiri m'mutu 3. Carlson akamakakamira kuti galu wokalamba wa Candy aomberedwe, Candy amayang'ana nkhope ya Slim kuti mwina amuleretsa. Slim atavomereza, nkhani yatha. Kenako Lennie ataphwanya dzanja la Curley, ndi Slim amene amauza mwana wa bwana zoti akanene: kuti dzanjalo lapanidwa ndi makina, apo ayi aliyense amva zoona zake ndipo adzamuseka. Curley amavomera. Koma samalani apa. Slim sakuletsa kuti anthu achotsedwe ntchito chifukwa ali ndi udindo wotero, akungogwiritsa ntchito manyazi a Curley. M'mutu 5, mkazi wa Curley ataphedwa ndi Lennie, Slim amayesa kuuza Curley kuti atsale ndi maliro a mkazi wake, ndipo Curley amakana. Ulemu wa Slim umathera pomwepo.

Tsopano Crooks, wosamalira akavalo, ndipo apa mpamene muyenera kukhalitsa. Nyumba yogona antchito ili ndi mabedi 8, koma iye amagona yekha m'kachipinda kosungiramo zingwe ndi zida za akavalo, kophatikana ndi khola. Bedi lake ndi bokosi lalitali lodzaza udzu. Pamwamba pake pali bokosi la maapozi momwe muli mabotolo a mankhwala, ake ndi a akavalo pamodzi. Pansi pa windo pali mulu wa ndowe. Chiganizo chimodzi chokha cha mabotolowo chikuposa ndime yonse yonena kuti ankamuona ngati nyama.

Onaninso malire ake momwe aikidwira. Panja amaloledwa kusewera nawo masewera oponya zitsulo za kuziboda za akavalo, ndipo amawapambana. Kukada, anzake akalowa kukasewera makadi, iye salowa, amati amanunkha. Candy amasimba mosangalala za Khirisimasi ina pomwe bwana anabweretsa galoni ya wisiki ndipo Crooks analoledwa kulowa, kenako wantchito wina, Smitty, anamenyana naye anthu akuonerera. Bwana akakwiya ndi china chilichonse, amakalalatira Crooks. Iye amati "Bambo Slim" poitana Slim, pomwe azungu onse amangoti Slim. Candy wakhala pa famupo zaka zambiri koma m'mutu 4 n'koyamba kuponda m'chipinda cha Crooks.

Mutu 4 womwewo ndiwo ukuyankha funso lanu. Ndi Loweruka usiku, amphamvu onse apita m'tauni, atsala Lennie, Candy, Crooks ndi mkazi uja. Tsatirani mphamvu momwe ikuyendera. Poyamba Crooks wapeza wofooka kumposa: amazunza Lennie pomuuza kuti mwina George sabweranso. Lennie ataimirira moopsa, Crooks amabwerera m'mbuyo msanga, thupi lagonjetsa nzeru. Candy akalowa ndi nkhani ya kamunda kamene iye, George ndi Lennie akulota kugula, Crooks amayamba wakana, kenako amapempha kuti akawathandize kulima popanda malipiro. Mkazi wa Curley amalowa n'kuwanyoza onse atatu. Candy amamuyankha molimba, iye sachita mantha koma alibenso chomuopsezera chachikulu. Crooks atangomuuza kuti atuluke m'chipinda mwake, mkaziyo amamukumbutsa kuti atha kumupachikitsa pa mtengo mosavuta. Crooks amafota n'kungoti inde mayi. Candy amati iwo adzachitira umboni kuti ndi bodza, mkaziyo amati palibe angawamvere, ndipo Candy amavomereza. Pomaliza Crooks amauza Candy kuti za kumunda zija aiwale, n'kubwerera kukadzola mankhwala pamsana monga mutuwo unayambira. Awiriwo atakumana maso ndi maso, wogonja ndi Crooks.

Nambewe_wa_mabuku:

Bambo Chatsalira afotokoza bwino, koma pa za mkaziyu ndisiyana nawo pang'ono. N'zoona kuti m'chipinda muja wagonja ndi Crooks. Koma funsani kuti mphamvu imene mkaziyu waigwiritsa ntchito ndi yake kodi? Yekha sangapachike munthu. Akubwereka mkwiyo wa amuna achizungu, amene angaphe Crooks osati pomukonda iyeyo koma poteteza chimene amachiona ngati katundu wa mzungu mnzawo. Umboni uli m'mutu 5: atafa, Curley sakhala pansi kumulira, amathamangira mfuti. Candy amatsala ndi mtembo n'kumautukwana kuti waononga mapulani awo. Wakwatiwa masabata awiri okha pamene nkhani ikuyamba, ndi mkazi yekhayo pa famu yonse, ndipo aliyense amamuthawa poopa Curley. Choncho lembani kuti ali pamwamba pa Crooks pa khungu, koma pansi pa mwamuna aliyense wachizungu pa kumvedwa.

Mfundo yakuti alibe dzina isakhale mzati wa chimangirizo chanu, ndi yofooka kuposa momwe anthu amaganizira. Mwini famu nayenso alibe dzina, chonsecho ndiye wamkulu. Crooks si dzina lobadwa nalo, ndi lomunyoza chifukwa cha msana wopindika umene kavalo anamumenya. Amene tikuwadziwa maina awo onse awiri pakati pa atengambali akuluakulu ndi George Milton ndi Lennie Small. Kusiyana kwake n'kwakuti bwana amatchulidwa ndi udindo wake, mkaziyu ndi dzina la mwini wake. Mukailemba choncho mfundoyo iima.

Pa mbiri, cholakwa chofala n'kulemba ngati nkhaniyi ikuchitikira kumwera kwa America, kumadera ngati Alabama. Ikuchitikira pafupi ndi Soledad, m'chigwa cha Salinas ku California, kwawo kwa Steinbeck, ndipo bukuli linatuluka mu 1937. Crooks mwini amatsindika kuti si wakumwera, anabadwira ku California, bambo ake anali ndi famu ya nkhuku ya maekala pafupifupi 10, ndipo ankasewera ndi ana achizungu ngakhale bambo akewo sankakondwera nazo. Ndiye kuti banja lake linali nawo kale malo ofanana ndi amene George ndi Lennie akulota, ndipo iye watsika kuchoka pamenepo.

Pa shelefu pake pali dikishonale yong'ambika ndi buku la malamulo a California la 1905. Malamulo amenewo anali ndi ndime yoti anthu onse alandiridwe mofanana m'malo ngati mahotela ndi malo odyera, koma analinso ndi ndime yoletsa ukwati wa mzungu ndi wakuda, imene khoti lalikulu la California linaithetsa mu 1948. Crooks amadziwa ufulu wake, n'chifukwa chake mawu akuti "ufulu" sachoka pakamwa pake akamathamangitsa anthu m'chipinda mwake. Koma buku la malamulo lili pompo pa shelefu pamene akuopsezedwa, ndipo silimuthandiza kanthu.

Owerenga a 1937 sankaona kuopsezako ngati nthabwala. Mu 1931 ku Scottsboro, Alabama, anyamata akuda 9 anaimbidwa mlandu wogwiririra akazi awiri achizungu. 8 anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo mmodzi mwa akaziwo pambuyo pake anavomera kuti zinali zabodza. Lamulo la dziko lonse loletsa kupha anthu mwa chigulu chotere linakanika kudutsa m'nyumba ya malamulo m'zaka za m'ma 1930, linadzavomerezedwa mu 2022.

Mlimi_Wamasamu:

Musaiwale ndalama, zimasanja anthu bwino kuposa maganizo athu. Wantchito wamba amalandira madola 50 pamwezi, kudya ndi kugona kwaulere. Candy anaduka dzanja lamanja pa famu yomweyo zaka 4 zapitazo, anapatsidwa madola 250 a chipukuta misozi ndi ntchito yosesa. Wasunganso 50, ndipo 50 ina ikubwera pakutha pa mwezi: 350. Malo amene George akuwadziwa akugulitsidwa 600, George ndi Lennie ali ndi madola 10 okha awiriwo, koma akagwira mwezi wathunthu osaononga akhala ndi 100, ndipo George akuganiza kuti 450 ikwanira kuti awatenge. Ndiye kuti wosesa wa dzanja limodzi ndiye wolemera pakati pa atatuwo, ndipo ndalamazo ndi mtengo wa dzanja lake. Pa mndandanda wanu mwamuika pansi pa George, chonsecho popanda iye loto lija silikanafika pa masamu.

Mantha a Candy oti adzatayidwa ngati galu wake ali ndi maziko. Lamulo la penshoni la 1935 ku America silinkakhudza ogwira ntchito m'mafamu, ndipo lamulo la chaka chomwecho loteteza mabungwe a antchito linawasiyanso kunja.

Kamtedza:

Zikomo kwambiri nonse. Kafunso kena: ku Weed, tauni imene George ndi Lennie ankagwirako ntchito asanabwere pa famuyi, anthu anafunanso kupha Lennie chifukwa cha mawu a mtsikana, ndipo Lennie ndi mzungu. Kodi zimenezi sizikufooketsa mfundo yakuti Crooks akuopsezedwa chifukwa cha khungu?

Chatsalira:

Funso labwino, ndipo muliike m'chimangirizomo musanafunsidwe. Kusiyana kuli pa chimene chikufunika kuti gulu liuke. Ku Weed panachitikadi kanthu: Lennie anagwira diresi yofiira ya mtsikana n'kukana kusiya, mpaka George anamumenya ndi thabwa la mpanda, kenako awiriwo anabisala m'ngalande yothirira tsiku lonse. M'mutu 5 pali mtembo. Crooks sanakhudze aliyense, wangouza munthu kuti atuluke m'chipinda mwake. Komanso Lennie ali ndi George womulankhulira kwa bwana, womuthawitsa, ndipo atasamukira tauni ina wayamba moyo wina. Crooks kulikonse angapite khungu lake limafika iye asanalankhule, ndipo mwini akuti pa famupo palibe wakuda wina, m'Soledad monse muli banja limodzi lokha.

Pa kalembedwe, musapereke ndime imodzi kwa mtengambali aliyense, mapeto ake mumangosimba nkhani ndipo malikisi ake ndi ochepa. Tengani zochitika zitatu pomwe wina akulamula mnzake: galu wa Candy, dzanja la Curley, ndi chipinda cha Crooks. Pa chilichonse yankhani kuti walamula ndani, wadalira chiyani, ndipo wokana chikanamuchitikira n'chiyani. Mbiri ilowe pokhapokha ikufotokoza mantha a munthu, monga Scottsboro pa ndime ya Crooks, osati ndime yapayokha ya mavuto a zachuma a 1929 imene sikhudza tsamba lililonse. Musalembenso kuti Steinbeck ndi watsankho chifukwa cha mawu onyoza anthu akuda amene ali m'bukumo musanaone amene akuwanena. Candy amawagwiritsa ntchito uku akuyamikira Crooks kuti ndi munthu wabwino, osaona chachilendo, ndipo mfundo yanu ili pamenepo. Simuyenera kuwalemba mawuwo, kungonena kuti wamutchula ndi dzina lonyoza kwakwana.

Kaumboni kena kamene ambiri amakadumpha kali kumapeto kwa mutu 5. Carlson atapeza kuti mfuti yake yasowa, Curley amangomuuza kuti akatenge ya Crooks. Palibe amene wapita kukapempha mwini wake, ndipo Crooks salankhula n'komwe pa tsambalo.