Ulendo wa mpingo kumudzi: tinyamule mankhwala kapena tichite chiyani?

Nabanda, Mufakose:
Abale ndi alongo, ndabwera kudzapempha nzeru. Ife a mpingo wathu kuno ku Harare tasonkha ndalama kwa chaka chathunthu kuti mu Ogasiti tikalalikire kumudzi kwa makolo athu m'boma la Dedza, ndipo tidzadzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Pamsonkhano wa Lamulungu lapitali tinasiyana maganizo, chifukwa ena akufuna kuti tigule mankhwala ambiri okagawa pa chitsitsimutso, pamene ena akuti ntchito yathu ndi Mawu basi. Ine mtima wanga uli pa mdzukulu wa achemwali anga, amene anakomoka ndi malungo pakati pa usiku n'kutsirizikira pa ngolo asanafike kuchipatala. Kodi ndalama zochepazi tingazigwiritse ntchito bwanji kuti zoterezi zisachitikenso m'mudzimo?

Nachisale, namwino wopuma, Highfield:
Pepani kwambiri amayi chifukwa cha mwanayo. Ndikupemphani kuti mankhwala ogawa pamsonkhano muwaiwale. Mankhwala operekedwa popanda kuyeza magazi amangosungidwa m'chikwama mpaka kutha mphamvu, ndipo ena amamwetsa mwana wa zaka ziwiri mlingo wa munthu wamkulu. Kuwonjezera apo, kulowetsa katoni ya mankhwala m'dziko popanda chilolezo kungakubweretsereni mlandu pachipata.

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito, odwala mwadzidzidzi ambiri amene tinawataya anali ochedwa. Banja limayamba lachedwa kugwirizana zopita kuchipatala, mwina podikira mwinimbumba kapena poyesa kaye kwa sing'anga, kenaka limachedwa panjira, ndipo nthawi zina limachedwanso kuthandizidwa likafika. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangobereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri, ndiye mukaganiza za liwiro la ng'ombe pamsewu wamatope m'mwezi wa Febuluwale, muona nokha pamene pagona vuto. Mukafika, kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo, amene ambiri amangomutchula kuti HSA, mumufunse chimene chikusowa. Kungakhale kuti ndi ambulansi ya njinga, kapena thumba la ndalama zolipirira njinga yamoto usiku, kapenanso chakudya cha amayi oyembekezera amene akudikira tsiku lawo kuchipatala, poti ambiri amakana kukadikira kumeneko poopa njala. Mukalembenso pakhoma la tchalitchi nambala ya Chipatala cha pa Foni, imene anthu amaimba kuti alandire uphungu.

aPhiri, mkulu wa mpingo, Mbare:
Ine ndiyankhe abale amene akuti ntchito yathu ndi Mawu basi. Amene anatibweretsera Mawuwo sanaganize choncho. Dr Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi gulu loyamba la mishoni ya Livingstonia, anali mbusa komanso dokotala, ndipo a Dutch Reformed atakhazikika pa Nkhoma mu 1896 sanakhutire ndi tchalitchi ndi sukulu zokha, anatsegulanso chipatala mu 1915. Kuno ku Zimbabwe nonse mukudziwa kuti anthu amachoka mu Harare muno, kusiya zipatala zikuluzikulu, n'kupita ku Karanda kufupi ndi Mount Darwin kapena ku Howard ku Chiweshe, zomwe ndi zipatala za mishoni zakumidzi. Chimene ndikufuna tichione n'chakuti anthu aja anapita kukakhala, anaphunzira chinenero, anaphunzitsa anamwino a komweko, ndipo ena anaikidwa m'manda komweko. Ife tikupita sabata imodzi yokha. Choncho tisadziyese amishonale a mtundu umenewo, koma tikalimbikitse mpingo wa kumudziko umene udzatsale ife titakwera basi.

Mbewe wamng'ono, Dzivarasekwa:
Zikomo bambo Phiri, koma mundilole ndionjezere mbali imene simunaikhudze. Zipatala za mishoni ku Malawi, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, pamene za boma ndi zaulere, ndipo mabanja ena amadutsa chipatala cha mishoni chapafupi n'kulimbana ndi mtunda wautali chifukwa choopa bilu. Kuyambira cha m'ma 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa kwaulere, koma si chipatala chilichonse chili ndi pangano lotere, ndiye mukafunse za chimene chili pafupi ndi mudzi wanuwo.

Za njinga ndili ndi chenjezo. Kwathu ku Ntcheu alendo ena anasiya ambulansi ya njinga, koma popeza sanapangane za woisunga ndi wogula matayala, inathera kunyamula matumba a chimanga kupita kuchigayo mpaka inathyoka. Muikepo komiti yodziwika ndi a nyakwawa, ndipo makiyi asakhale kwa munthu amene amagona kutali. Chinanso n'chakuti ku Dedza kuli Akatolika ambiri, Asilamu ndiponso a Gule Wamkulu, ndipo njingayo ikadzadziwika kuti ndi ya Akhristu a mpingo wathu okha, mayi wachisilamu adzachita manyazi kugogoda usiku.

Nabanda, Mufakose:
Ndathokoza nonse. Ndaimbira achemwali anga madzulo ano, ndipo andiuza kuti mlangizi wa zaumoyo amakhala kutsidya la mtsinje umene umadzaza nthawi ya dzinja, chinthu chimene ife sitinachiganizire n'komwe. Amayi Nachisale, kodi mungabwere Loweruka kudzafotokozera amayi anzathu za zizindikiro zoopsa mwa mwana wodwala malungo, kuti tikakafika tikathe kuphunzitsa zolondola? Ndalama ya kombi tidzakubwezerani.