Chisanu cha kumapeto kwa Ogasiti chawaula marozi ndi mapichesi: ndidule kapena ndidikire?

A Phiri, ku Randburg:
Akuluakulu ndi anzanga nonse osamalira maluwa, ndikupempha nzeru pa vuto limene landigwera kuntchito kuno ku Johannesburg. Marozi a pakhomo pa abwana tinawadulira kumapeto kwa Julayi monga mwa masiku onse, ndipo kutayamba kufunda mu Ogasiti muno anatulutsa mphukira zofiira zambiri, nawonso mtengo wa pichesi unachita maluwa mpaka kunsonga. Sabata yatha kunabwera mphepo yozizira yochokera ku Cape, ija inagwetsa chipale chofewa kumapiri a Drakensberg, ndipo itadutsa ndinapeza madzi a m'beseni la mbalame atauma gwa. Lero nsonga za mphukira zada ndi kulendewera, masamba a bougainvillea ndi hibiscus akuoneka ngati ndiwo zofutsa, ndipo mbande za tomato zimene adona anagula ku nazale zagona zonse. Abwana akufuna ndidule chilichonse chakuda, ndithire feteleza, ndibzalenso tomato pofika pa 1 Seputembala, ati poti tsikulo ndilo chiyambi cha nyengo yofunda. Mtima wanga ukukana, koma ndikufuna mfundo zogwira mtima zoti ndikawafotokozere.

Mayi Nabanda, wa ku nazale ku Muldersdrift:
Bambo Phiri, mtima wanuwo ukunena zoona, sizasi muyambe mwaisunga. Chisanu chimapha poumitsa madzi a m'kati mwa tsamba, choncho chimene chimayamba kupsa ndi chanthete, chodzala madzi, monga mphukira zimene zinanyengedwa ndi masiku ofunda aja. Mukadula lero, mudzutsa maso ophukira a m'munsi mwa nthambi amene akadali mtulo, ndipo mukaonjezera feteleza wokulitsa masamba, mphukira zatsopanozo zituluka zofewa kuposa zoyamba. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo chisanu chimatha kubweranso mpaka pakati pa Seputembala mosayang'ana kalendala ya munthu. Chikadzabweranso chidzapeza mtengo utataya kale mphamvu kawiri. Masamba akufawo, ngakhale ndi onyansa m'maso mwa abwana, ndiwo akutchinga nthambi za m'kati. Kuti mudziwe pamene pafika imfa, palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo kuyambira kunsonga kutsika m'munsi. Pamene mwapeza zobiriwira ndi zonyowa, nthambiyo ili moyo. Tomato yekhayo ndiye musamuwerengerenso, chifukwa iye pamodzi ndi nyemba, maungu ndi tsabola sapirira chisanu ngakhale chochepa.

A Mbewe, ku Harrismith:
Ndiloleni ndinenepo za chipale chofewa, popeza kuno timachiona kawirikawiri, ndipo ambiri mukukumbukira mmene chinatsekera msewu wa N3 pa Van Reenen mu Seputembala 2024, mitengo itaphuka kale. Anthu amachiopa chifukwa chimaoneka ndi maso, komatu pa mbewu za pansi chimathandiza. M'kati mwake mumakhala mpweya wambiri, ndiye chikaphimba bedi chimasunga kutentha kwa nthaka, moti pansy, kabichi, sipinachi ndi anyezi zimatuluka bwinobwino chikasungunuka, ndipo ma daffodil amene anawerama amadzukanso okha. Pabedi musachichotse ndi fosholo. Choipa chake ndi kulemera, makamaka chikagwa chonyowa pa mitengo ya masamba ambiri ndi pa mipanda ya maluwa, pakuti nthambi zimang'aluka. Pamenepo timatenga tsache n'kumakankha nthambi pang'onopang'ono kuchokera pansi chipalecho chikadali chofewa, koma chikauma n'kugwirana ndi nthambi timachisiya, chifukwa kugwedeza kumathyola zambiri.

Usiku woopsa ndi wotsatira, mitambo ikachoka, mphepo n'kuleka, nyenyezi n'kuoneka zonse. Kutentha kwa nthaka kumathawira kumwamba popanda chotchinga, ndipo kumazizira kwambiri dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Inu a ku Johannesburg vuto lanu ndi lalikulu pamenepa, chifukwa chipale chimagwa mwa apo ndi apo, monga mu Ogasiti 2012 ndi mu Julayi 2023, ndipo sichichedwa kusungunuka. Mumalandira kuzizira kokhakokha popanda chofunda, ndipo mpweya ukakhala wouma kwambiri masamba amada osaona n'komwe zoyera pa kapinga.

Mnyamata wa ganyu, ku Centurion:
Pepani akuluakulu, ine ntchitoyi ndangoiyamba chaka chino. Kumene ndimagwira Lachiwiri amandiuza kuti ndiziphimba maluwa ndi pulasitiki yakuda madzulo, ndipo ndisamathirire konse kukamazizira kuopa kuti madziwo angaume m'nthaka. Kodi zimenezi n'zolondola?

A Gama, ku Vereeniging:
Mwana wanga, wachita bwino kufunsa, chifukwa malangizo onse awiriwo ndi opweteketsa mbewu. Pulasitiki ikakhudza tsamba, kuzizira kumadutsa mosavuta ndipo tsambalo limapsa pomwepo, kenaka dzuwa likatuluka usanaichotse, zotsalazo zimaphikika m'kati. Gwiritsa ntchito nsalu yoyera yopepuka ija amagulitsa ku nazale, kapena ziguduli ndi nsalu zakutha zoyala pabedi, uzikhomera timitengo kuti chofundacho chisatsamire pa mphukira. Chofunika koposa n'chakuti chifike pansi mbali zonse ndi kupsinjidwa ndi njerwa, pakuti chimene tikusunga ndi kutentha kochokera m'nthaka. Ukamanga nsalu kumutu kwa mtengo kokha n'kusiya thunthu pambalambanda, sunasunge kanthu. Uziphimba dzuwa lisanalowe ndi kuvundukula m'mawa chisanu chikasungunuka.

Kunena za madzi, nthaka yonyowa imasunga kutentha kwa masana kuposa youma, ndipo mbewu yaludzu imapsa msanga. Ukamva pa wailesi kuti kukubwera mphepo yozizira, thirira m'mawa kuti masamba aume kusanade. Miphika ya maluwa uziikokera pakhonde kapena pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, chifukwa mizu ya mumphika ilibe pobisala.

Bambo Phiri, inu muyendere bwalo lonse muone kumene kwapsa kwambiri. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka kutsata kutsika kwa malo n'kukaunjikana pamene khoma lautsekera. Ife ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu tikudziwa mmene mbatata ya kachewere ya kumunsi kwa dimba imapserera mu Juni ndi Julayi pamene ya kumtunda ili bwinobwino. Kuno kufupi ndi mtsinje wa Vaal n'chimodzimodzi, ndipo ine tomato sindibzala Okutobala asanafike. Za pichesi musataye mtima msanga. Maluwa otseguka amayamba kufa kukazizira madigiri 2 kapena 3 kunsi kwa ziro, koma amene sanatseguke amapirira kuposa pamenepo. Thyolani maluwa angapo m'munsi ndi m'mwamba mwa mtengo, muwang'ambe pakati ndi lezala: kamtima kakakhala kobiriwira chipatso chilipo, kakada ndiye chapita. Mtengo umachita maluwa ochuluka kuposa zipatso zimene ungathe kulera, choncho ngakhale atapulumuka ochepa mudzadya mapichesi.

A Mbewe, ku Harrismith:
Ndikugwirizana ndi zonse, koma lamulo losadula lija lili ndi malire, mayi Nabanda. Masamba onenepa monga a clivia, agapanthus ndi canna akapsa amasanduka phala lonunkha, ndipo akasiyidwa kuolako kumatsikira pamtima pa mbewu. Amenewo ine ndimachotsa ofewa okhawo ndi mpeni woyera, owuma n'kuwasiya.

Mayi Nabanda, wa ku nazale ku Muldersdrift:
Mwakonza bwino, achimwene, ine ndimanena za mitengo ya nthambi zolimba. Chonyowa ndi choola chichoke, chouma chidikire.

A Phiri, ku Randburg:
Zikomo kwambiri nonse. Ndapala makungwa monga munanenera, ndipo marozi afa nsonga zokha, pamene bougainvillea wa kumunsi kwa bwalo, pakona pamene makoma awiri amakumana, wauma mpaka pakati. Maluwa a pichesi a m'munsi ambiri ada mkati, koma a kumwamba ndi obiriwira. Ndinawaitana abwana kuti aone okha kusiyana kwa malo awiriwa, ndipo avomera kuti kudula ndi feteleza zidikire mpaka pakati pa Seputembala, komanso agula nsalu yophimbira. Adona okha ndiwo akuumirirabe za tomato.

Mayi Nabanda, wa ku nazale ku Muldersdrift:
Ngati akuumirira, agule mbandezo koma zisapite m'nthaka. Muziike m'timiphika tokulirapo, masana muzizitulutsa padzuwa pamalo opanda mphepo, madzulo muzizilowetsa m'galaja, chifukwa zambiri zimachokera m'nyumba zofunda za ku nazale ndipo sizinazolowere kunja. Bedi lake mulikonzeretu ndi manyowa, ndipo musalibzale pakona ya kumunsi ija. Pa nthawi yodikirayi mukhoza kufesa karoti, beetroot ndi letesi, zimene sizidandaula ndi usiku wozizira, kuti adona aone kuti dimba silinaime.