Chiboliboli cha Carlo Borromeo Woyera ku Arona

Mayi a ku Senga Bay:
Abale ndi alongo, nkhoswe ya mphakati wathu kuno ku Salima ndi Carlo Borromeo Woyera, ndipo tikukonzekera chikondwerero chake cha pa 4 Novembala. Pakhoma la nyumba imene timasonkhanamo pali chithunzi chakale, chosuluka ndi dzuwa, choonetsa chiboliboli chachikulu: dzanja lamanja latambasuka ngati likudalitsa, lamanzere lanyamula buku. Ana andifunsa kumene chili, ndiponso ngati n'zoona kuti munthu amalowa m'kati mwake. Chonde, amene mukudziwa ndithandizeni, chifukwa sindikufuna kuwauza zongoganizira.

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota:
Mayi, chiboliboli chimenecho chili paphiri, pamwamba pa tawuni ya Arona m'mphepete mwa nyanja ya Maggiore, kumpoto kwa Italy, ndipo eni dera amachitcha Sancarlone. Anamaliza kuchimanga mu 1698. Pachokha n'chotalika pafupifupi mamita 23, koma pamodzi ndi mwala umene chaimapo chimafika mamita 35. Kunja kwake anakuta ndi malata a mkuwa, ndipo m'kati muli masitepe opapatiza ndi makwerero ofika kumutu, kumene munthu amasuzumira panja kudzera m'mabowo a maso ndi makutu, nyanja yonse ili pansi pake monga mmene timaionera nyanja yathu tikakwera phiri la Senga. Choncho anawo amva zoona.

Bambo a ku Chipoka:
Ndiwonjezere pang'ono pa zimene anena aphunzitsi. Carlo anabadwira komweko mu 1538, m'linga lotchedwa Rocca di Arona, limene linagwetsedwa mu 1800 molamulidwa ndi Napoleon, moti lero kwatsala mabwinja okha. Pafupi ndi chibolibolicho pali tchalitchi cha dzina lake, ndipo kutsidya kwa nyanja kumaoneka linga la Angera, la banja lomwelo la Borromeo. Koma ine ndikupempha kuti anawo asangomva za kutalika kwa mkuwawo. Muwauzenso kuti mliri utabuka ku Milan mu 1576, akuluakulu ambiri atathawa, iye monga arkiepiskopi anatsala, nayendera odwala ndi kudyetsa anjala mpaka chuma chake chinatha.

Mayi a ku Senga Bay:
Zikomo kwambiri, abambo nonse. Lamulungu lino ndichotsa chithunzicho pakhoma kuti ana achigwire m'manja, ndipo ndiyamba ndi nkhani ya mliriyo tisanafike pa makwerero.