Mafizo a pa YouTube kapena kochi wa pa WhatsApp? Amene munayesapo ndiuzeni zoona

Wofunsa (dzina labisidwa):
Moni nonse, ndipo zikomo a admin pondilola. Dzina ndabisa dala chifukwa azilamu anga ali m'gulu momwemuno, sindikufuna nkhani ya mimba yanga ikamveke pa chinkhoswe.

Ndine mayi wa ana awiri, zaka 36, ndimakhala ku Area 49 ku Lilongwe. Wamng'onoyu wakwanitsa chaka, ndinabereka mwa opaleshoni. Ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse, pofika pakhomo kunja kumakhala kutada. Ulendo wathawu kuchipatala anati BP yayamba kukwera. Mankhwala sanandiyambitse, koma anati ndichepetse mchere, ndichepetse thupi, ndizitakataka. Ku jimu sindingathe: ndalama ya pamwezi, ya minibasi, ndiye mwana ndimusiyira ndani? Zothamanga mumsewu m'bandakucha bambo akunyumba akana, ndipo apa sindinawatsutse.

Ndiye ndinatembenukira ku mavidiyo. Ndinayamba ndi Chloe Ting, mtsikana wa ku Australia uja wa Get Abs in 2 Weeks, amene aliyense ankamutsatira nthawi ya Covid. Ubwino wake n'zaulere, mavidiyo ambiri ndi a mphindi 10 kapena 15, wotchi ikuwerenga pompo, ndipo ndondomeko ya tsiku lililonse ili pa webusaiti yake. Koma tsiku limodzi limatha kukhala ndi mavidiyo angapo, bandulo imapita ukuona. Pamela Reif wa ku Germany ndinamuyesanso. Mtsikana ameneyu sayankhula, kumangomveka nyimbo, nkhope ili phee ngati sakuchita kanthu, ine ndili wefuwefu pa simenti. Ine ndimafuna wondiuza kuti bondo likhale apa, msana ukhale chonchi.

Pali zinthu ziwiri zikundidetsa nkhawa, ndipo zimachitika ngakhale vidiyoyo ikhale ya ndani. Ndikagona chagada n'kudzutsa mutu, pakati pa mimba pamatukumuka kamzere kuyambira pamchombo kukwera m'mwamba. Chachiwiri n'chamanyazi koma ndinena: ndikadumpha, mkodzo umadontha pang'ono. Komanso nyumba ndi ya mdadada, ndikayamba kudumpha m'mawa aneba amadziwa.

Tsopano pali kochi wina pa WhatsApp amene mnzanga wakuntchito wandilozera. Akuti ndizimutumizira ndalama pafoni mwezi ndi mwezi, azindipatsa mavidiyo ake, ndandanda ya zakudya, tiyi wochepetsa thupi ndi lamba womanga pamimba. Pa ndandandapo nsima palibe ngakhale tsiku limodzi, pali oats, broccoli ndi chidali cha nkhuku. Akulonjeza kuti pakatha mwezi mimba ikhala italowa. Ndimulipire? Kapena pali wa pa YouTube amene anakuthandizanidi, osati zongomva, woyenera munthu wa thupi ngati langa? Onyoza dutsani chabe.

Mayi wa ku Kawale:
Ndakhala pansi kudikira mayankho. Vuto lanu ndi langa lomwe.

Mayi wa ku Chilomoni:
Achemwali, sakani Leslie Sansone, Walk at Home. Ndi mayi wa ku America, wachikulire ndithu, anayamba kale nthawi ya matepi. Zake n'zoyenda uli pamalo amodzi: kuguba, kusuntha cham'mbali, kuponya mwendo kutsogolo, kukweza bondo. Masitepe ndi anayi omwewo, amangowasinthasintha. Mailo imodzi imatenga mphindi pafupifupi 15. Poyamba ndinkaziderera, ndinkati awa ndi mafizo a agogo, koma ikafika mailo yachiwiri bulauzi imakhala itanyowa. Kudumpha kulibe, aneba sadzamva kanthu. Choipa chake nyimbo zake n'zotopetsa ndipo mayiyo amayankhula osapuma. Mukatopa naye pitani kwa growwithjo, n'zoyendanso koma zosakaniza ndi magule, pamenepo nthawi imatha osadziwa.

Bambo wa ku Kasungu:
Amayi athu ankalima, kusinja, kutunga madzi kudambo, mimba zawo zinali bwinobwino opanda YouTube. Gulani khasu mayi.

Wofunsa:
Bambo, munda wake uti pa lendi? Mundibwereke wanu, ndipo muzibwera kudzandilerera mwana ndikamalima.

Mchemwali wa fiziyo, Blantyre:
Mayi, ntchito yanga ndi ya fiziyo, ife a kuchipatala othandiza odwala pogwiritsa ntchito mafizo, ndiye ndiyankhe za kamzere ndi mkodzozo musanasankhe vidiyo iliyonse.

Minofu ya kutsogolo kwa mimba ili mbali ziwiri, kumanja ndi kumanzere, yolumikizidwa ndi kachikopa pakati. Pa nthawi ya pakati imatalikirana kuti mwana apeze malo. Kwa amayi ambiri imabwerera yokha, kwa ena mpata umatsala. Dzina lake ndi diastasis recti, mulembe choncho posaka. Dziyeseni motere: gonani chagada, pindani mawondo, mapazi apondetse pansi. Ikani zala chopingasa pamwamba pa mchombo, dzutsani mutu pang'ono chabe. Mumva mphepete ziwiri zolimba zikukanikiza zalazo. Ngati pakulowa zala zoposa ziwiri, kapena zikumira kwambiri, mpata ulipo. Zikatero siyani kaye ma sit-up, ma crunch (onsewa ndi odzutsa thupi mutagona chagada) ndi plank yaitali (kutsamira pa zigongono ndi zala za kumapazi thupi lili chowongoka), makamaka chilichonse chimene chikutukumula kamzereko. Yambani ndi zooneka zachibwana: kupuma mokoka mchombo mkati pang'onopang'ono, kutsetsereza chidendene pansi mwendo umodziumodzi, kukweza chiuno muli chigonere.

Za mkodzo musachite manyazi, amayi ambiri obereka amakumana nazo, ngakhale a opaleshoni, chifukwa minofu ya pansi pa chiuno inanyamula katundu miyezi 9. Finyani ngati mukugwira mkodzo, werengani mpaka 5, masulani, mubwereze kangapo pa tsiku. Musamachite zimenezi muli mkati mokodza. Zimatenga miyezi, osati masabata awiri. Kudumpha kudikire.

Pa BP, musamagwire mpweya ponyamula chinthu kapena ponyonyomala, tulutsani mpweya pamene mukugwiritsa mphamvu. Mukamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena mutu waukulu, lekani, pitani kuchipatala. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za mafizo apakatikati, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Apakatikati ndi aja oti kuyankhula ukutha koma kuimba ayi. Ndiye mphindi 30 za kuyenda kwa Leslie kasanu pa sabata mwafika kale pa 150. Popeza muli ku Lilongwe, ku Kamuzu Central kuli a fiziyo, akakuoneni ndi manja. Ine pano ndikungoyerekeza kuchokera pa zimene mwalemba.

Wofunsa:
Achemwali, ndathamangira kuchipinda kukayesa. Zala zitatu zikulowa. Ambuye akudalitseni, ine ndimayesa ndi mafuta chabe.

Mnyamata wa ku Zolozolo, Mzuzu:
Palibe choposa Insanity ya Shaun T. Inatuluka 2009 koma mpaka pano palibe yoigonjetsa. Masiku 60, masiku 6 pa sabata, zida osafunika, mwezi wachiwiri mavidiyo amafika pafupifupi ola. Pansi pamachita kunyowa. Koma mami, ndawerenga zimene alemba a fiziyo, imeneyi si yanu panopa. Ndi kudumpha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiponso ndi yogula. Ndangoitchula kuti wina asakunamizeni kuti muyambire pamenepo.

Mphunzitsi wa mafizo, Namiwawa:
Ndione ngati ndingatetezeko ntchito yathu, poti m'gulu muno makochi timatchedwa akuba tonse. Vidiyo siikuonani. Mukhoza kunyonyomala mawondo akugwera mkati, msana utapindika, mwezi wathunthu, Pamela akungomwetulira. Kochi weniweni ntchito yake ndi maso: akuoneni, akukonzeni, achepetse kapena awonjezere malinga ndi thupi lanu. Zimenezo n'zoyenera kulipira.

Koma wanuyo ndikumukayikira. Anakufunsani za opaleshoni? Za BP? Anakuuzani kuti mudzijambule mukuchita kuti aone? Ngati anayambira pa nambala yotumizira ndalama, ameneyo ndi wamalonda. Ndiponso palibe mafizo osungunula mafuta a malo amodzi. Ma sit-up amalimbitsa minofu ya pansi pa mafutawo, mafutawo amachoka thupi lonse pamodzi, ndipo kwa ambiri a pamimba ndi amene amatsalira. Aliyense wokulonjezani tsiku limene mimba idzalowe, kaya ndi wa pa WhatsApp kaya ndi mutu wa vidiyo, akufuna mudine basi. Ngati ndalama ilipo pang'ono, lipirani munthu wodziwa kuti mukumane maso ndi maso kawiri kapena katatu, akuphunzitseni kaimidwe, kenako pitirizani nokha ndi mavidiyo aulere. A Fitness Blender, banja lija la Daniel ndi Kelli, amafotokoza bwino ndipo ali ndi zambiri zosadumpha. Posaka muziwonjezera mawu oti low impact kapena no jumping.

Mayi wa ku Mchesi:
Tiyiyo musayerekeze. Ine ndinagula kwa kochi wina, osati wanuyo mwina. Usiku wonse ulendo wa kuchimbudzi, sikelo n'kutsikadi, ine n'kusangalala. Nditasiya, sabata yomweyo zonse zinabwerera. Anamwino anandiuza kuti matiyi ambiri otere amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba, ndiye chimene chimachoka ndi madzi. Inu ngati mukuyamwitsabe ndiye kutalitali. Lamba naye amangobisa mimba nthawi imene wavalayo, monga muja timamangira chitenje tikangobereka. Ukamasula ili pomwepo.

Mtsikana wa ku Zomba:
Koma musamunyoze Chloe Ting, ine anandithandiza. Sindinapeze six pack m'masabata awiri, ayi, koma ndinazolowera kudzuka n'kuchita kanthu. Amaonetsanso njira yosadumpha pakona ya vidiyo. Kungoti ine sindinaberekepo.

Mayi wa ku Leeds:
Kuno nthawi ya lockdown ana a sukulu ankadzukira Joe Wicks. Anayamba PE with Joe mu March 2020, 9 koloko m'mawa, mphindi 30, ndipo makolo tinkalowa nawo. Ndi wansangala, amatopa nawe limodzi osabisa, ndipo ali ndi mavidiyo a oyamba kumene ndi a achikulire, ena ochita utakhala pampando. Mwana wamkulu wanuyo angamukonde, muzichitira limodzi.

Koma amene anasintha thupi langa ndi Caroline Girvan wa ku Northern Ireland. Ndondomeko yake ya EPIC ndi ya masabata 10, masiku 5 pa sabata, yaulere pa YouTube, yonyamula ma dumbbell, tizitsulo tolemera ta m'manja. Amafotokoza poyamba, kenako duu mpaka kumapeto. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, kuwadzutsa ndi kuwatembenuza, ndipo msana unasiya kundivuta nditayamba kunyamula zolemera. Inu musayambe lero, a fiziyo akuloleni kaye, kenako muyambire pa EPIC Beginners. Ma dumbbell akadula, botolo la malita 2 lodzaza madzi ndi makilogalamu 2, chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5. Mukathira mchenga chimalemera kuposa apo.

Bambo wa ku Bangwe:
Pa nkhani ya bandulo: tsitsani vidiyo ifike 240p kapena 360p, simukuonera ukwati kuti muzifuna kuona nsidze. Chachiwiri, musamasinthe mavidiyo tsiku lililonse. Sankhani awiri, onerani kangapo, lembani masitepe mu kope. Akazi anga anamata pepala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, amangotchera wotchi ya pafoni n'kuyatsa wailesi. Magetsi azime, netiweki ithawe, iwo thukuta lili kamukamu.

Agogo a ku Nkhotakota:
Mwanawe, nsima usasiye. Amene analemba ndandandayo akudyetsa yekha? Chepetsa mitanda, pamene unkadya itatu idya iwiri kapena umodzi ndi theka, mgaiwa ukapezeka ndiye bwino. Masamba achuluke m'mbale, bonongwe, nkhwani, chisoso, ndi nyemba kapena usipa. Chimene chimatinenepetsa m'tauni ndi shuga wa mu tiyi, zakumwa za m'mabotolo, mandasi ndi chipisi cha pa chiwaya masana kuntchito. Mchere wowaza patebulo uchoke, ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija tili ndi mchere wambiri. Ndipo ukonzeke, ukangotsika pang'ono anthu ayamba kufunsa ngati ukudwala kapena ngati banja likuvuta. Azilamu ako omwewo.

Mtsikana wa ku Zomba:
Agogo mwalasa. Ine mayi anga anachita kundiitanitsa kumudzi kuti akandione.

Mayi wa ku Chilomoni:
Ndinaiwala, masiku amene thupi lakana pali Yoga with Adriene, wa ku Texas, uja amakhala ndi galu wake pambali. Ndi zodziwongola mofatsa, zabwino pa msana wa anthu okhala pampando. Kungoti zina zimakoka mimba kwambiri, mufunse a fiziyo kuti mudumphe ziti.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndawerenga lililonse, ngakhale la bambo a khasu. Kochi uja ndamulembera kuti ndinachitidwa opaleshoni, BP ikukwera, ndipo minofu ya pamimba ili ndi mpata, ndiye mafizo ake asintha pati? Wayankha kuti ndisadandaule, tiyi anditsitsira mtengo. Ndalama yanga ikhale kaye. Lolemba ndiyamba ndi mayi oyenda aja, zopuma ndi zofinya zija ndizichita madzulo mwana akagona, ndipo ndipempha tsiku kuntchito ndipite kwa a fiziyo. Funso lotsala: pansi ndi pa simenti, ndizivala nsapato kapena ndingoponda? Nanga mphasa ingalowe m'malo mwa mat, poti mitengo yake ndaiona m'tauni ndabwerera?

Mphunzitsi wa mafizo, Namiwawa:
Zoyendazo valani nsapato, za pa kaunjika zomwezo bola zikhale ndi mphira wofewa pansi ndipo zisathine zala. Pa simenti yopolisha masokosi okha ayi, mugwa. Zogona pansi mphasa imaterereka ndipo imadinda m'zigongono, pindani bulangete kawiri muyale pamwamba pake.

Mayi wa ku Kawale:
Achemwali a ku 49, Lolembalo muyamba nthawi yanji? Ndikufuna tiziyambira limodzi, wina akajomba mnzake azimufunsa. Ine 5 koloko m'mawa ndingathe, kupatula Lachitatu.