Jethro Tull inapezeka bwanji kunyanja?

Wachitoliro:
Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu okonda rock ya m'ma 70s. Ine ndimakhala ku Glasgow, ndimagwira ya usiku yosamalira okalamba, ndiye sabata yatha ndikuweruka m'mawa ndinadutsira mu shopu ya zakaunjika n'kupeza chimbale cha Jethro Tull, Stormwatch, cha 1979, pachikuto pali munthu wandevu akuyang'ana ndi mabainokyula, mphenzi ikung'anima m'magalasimo. Bandiyi ndimaidziwira pa Thick as a Brick basi, ija ya nyimbo imodzi yodzadza chimbale mbali zonse ziwiri. Koma ichi n'china abale, muli mphepo, namondwe, mandolin, sitima zapamadzi. Dun Ringill yokha ndaibwereza sindikudziwa kangati, gitala ya acoustic ndi mawu ngati munthu akukunong'oneza m'mbali mwa nyanja usiku, thupi kuchita tsembwe. Zinatheka bwanji kuti anthu a nyimbo zovuta zija afike kumeneku? Ndipo imeneyi tiziitchabe prog (progressive rock, ija ya nyimbo zazitali ndi zovuta kayalidwe)?

Mkulu wa Zimbale:
Amwene mwatola chinthu chabwino, musachitaye. Koma mwayambira kumapeto. Zimbalezi zilipo zitatu zotsatizana, Songs from the Wood 1977, Heavy Horses 1978, kenako chanucho. Choyambacho ndi cha nkhalango ndi miyambo yakale ya kumudzi ku Britain, chachiwiri ndi cha kumunda, akulira mahatchi olima aja amene mathirakitala anawalanda ntchito, ndiye chachitatu nkhani yatsikira kunyanja ndipo kwada.

Sizinangogwa kumwamba ayi. Ian Anderson, mtsogoleri wa bandiyi, woimba chitoliro ataima ndi mwendo umodzi uja, ankacheza kale ndi anthu a folk, oimba nyimbo zamakolo, 1974 anathandiza bandi ya folk ya Steeleye Span kujambula chimbale cha Now We Are Six. Iyeyo anabadwira ku Dunfermline, ndi wa ku Scotland komwe muliko, ndipo chakumapeto kwa ma 70s anagula malo ku Strathaird pa chilumba cha Skye n'kuyamba kuweta nsomba za salmon. Dun Ringill mukuibwerezayo si dzina longopeka, ndi bwinja la linga lamakedzana la miyala lomwe lili pagombe kufupi ndi komwe ankakhalako. Munthu akamadzuka tsiku ndi tsiku n'kuona nyanja mukufuna aimbe za chani? Komanso nthawi imeneyo mafuta a pansi pa North Sea anali atangoyamba kufika kumtunda mu 1975, dziko lonse pakamwa mafuta mafuta, n'chifukwa chake chimbalecho chikutsegula ndi North Sea Oil.

Bezi Yolemera:
Akulu mwafotokoza bwino koma apo pa folk ine ndikukanako pang'ono. Anthu akangomva mandolin amati basi folk. Tamverani Dark Ages, mphindi pafupifupi 9, mmene Barriemore Barlow akuswera ng'oma ndi mmene gitala ya Martin Barre ikulowera, palibe woimba zamakolo amene amayala nyimbo choncho. Kwa ine ndi prog yomweyo yangovala jekete la asodzi.

Chimene chimandikhudza ine pa chimbalechi ndi John Glascock, woimba bezi. Anali akudwala mtima, anangokwanitsa nyimbo zitatu, Orion, Flying Dutchman ndi Elegy, zotsalazo bezi anaimba Anderson yekha. Anamwalira November 1979 anzake ali paulendo wokaimba, pamalo pake pali Dave Pegg wa bandi ya folk ya Fairport Convention. Pambuyo pake gulu lija linabalalika, Barlow anachoka, chimbale chotsatira n'cha ma synthesizer. Ndiye mukamamvera bezi ya mu Flying Dutchman mvetserani bwino, mukumva munthu akuimba komaliza. Ine ndimaimbako bezi kutchalitchi, nyimbo imeneyo ndinakhala nayo mwezi wathunthu kuti zala zizolowere.

Mwana wa Msodzi:
Ine za prog sindizitsata kwambiri, ndinakulira ku Nkhotakota bambo anga anali msodzi, ndiye nditawerenga apa ndakamvera pa YouTube. Mantha aja ndawamva, ndi omwe aja timakhala nawo mwera ukayamba mu June anthu ali pamadzi usiku ndi nyali zawo, amayi atangokhala pagombe osalankhula. Koma nyimbo za pantchito sindinazimvemo. Kwathu pokoka khoka mmodzi amatsogolera ena n'kuvomera, nyimbo ndi imene imauza manja nthawi yokoka chingwe. Iyi ndi ya munthu woima pamtunda kuyang'ana nyanja, si ya munthu amene ali m'bwato. Sindikunyoza ayi, yandikoma, kungoti n'zosiyana.

Mkulu wa Zimbale:
Mwalasa achimwene. Zotsogolera ndi kuvomerazo azungu amati sea shanty, amalinyero ankaimba pokoka zingwe za matanga. Mukafuna bandi ya prog imene inayesa zimenezo sakani Wreck ya Gentle Giant, ya 1971, mzere uliwonse gulu likuvomera, nkhani yake sitima yomira.

Wachitoliro:
Zikomo kwambiri nonse. Za Glascock sindimadziwa, usiku wathawu pa break ndamvera Elegy ndi ma earphone m'khitchini ya kuntchito, misozi inalengeza ndithu. Ndaona kuti kuchokera kuno kuli basi yodutsa Fort William mpaka ku Skye, ndikapeza off ya masiku awiri ndikufuna ndikaime pa bwinja lija ndekha. Achimwene a ku Nkhotakota, ngati muli ndi nyimbo ya khoka yojambulidwa ngakhale ya pafoni tiponyereni pano, ndikufuna ndiimvere pambali pa Wreck.